Benchi la Hazel

Mphepo inachokera kumpoto kuyambira m'bandakucha, ndipo pofika masana inali ikuzula mchenga kugombe n'kumauwaza pamawindo a nyumba za mu Msewu wa Kudoko. Mvula sinkagwa. Chimene chinkanyowetsa anthu chinali thovu la nyanja, louluka pamwamba pa khoma ngati nthenga za nkhuku yososoledwa.

Wilf Larter anaimva mphepoyo ikulira m'chumuni ali chigonere. Wayilesi inangonena zomwe mawondo ake anali atamuuza kale: nyanja idzaza kuposa masiku onse madzulo ano, ndipo matauni a m'mphepete atseke zipata zawo. Anamwa tiyi, natsuka kapu yake imodziyo, nakhala pansi. Anadya nkhomaliro. Atatha kudya m'pamene anapita kushedi kukatenga masipanala, hamala, tchizulo, kabotolo ka oyilo ndi chingwe, naziponya mu wilibala.

Benchi la Hazel linali likadali kunja kwa khoma.

Ku Harnsey khoma lotchinga nyanja lili ndi polowera pamodzi pokha, pamene Msewu wa Kudoko umathera. Kunja kwake kuli kanjira ka simenti komwe alendo amayendamo nyengo yotentha akunyambita ayisikilimu, ndipo m'mbali mwa kanjirako mumakhala mabenchi oyang'ana kunyanja, lililonse ndi kachitsulo kamkuwa kolembapo dzina la munthu amene anatsogola. Masamba akayamba kuyoyoka, lole ya khonsolo imadzawanyamula onse n'kukawaunjika mosungira katundu mpaka chisanu chitatha.

La Hazel analipala ndi Wilf mwini wake, ndi matabwa a thundu otsala kumene ankakhoma maboti asanapume pa ntchito. Munalibe msomali ngakhale umodzi. Chaka choyamba analola a khonsolo kulitenga, ndipo linabwerako ndi chilonda pa mkono wakumanja pomwe anasanjikizapo linzake. Sanakadandaule kwa munthu. Anangoboola simenti, nazikamo mabawuti anayi olowa m'kati mwa miyendo kuchokera pansi, nati iliyonse ili m'kabowo kamene anasema m'mbali mwa mwendo. Kuyambira pamenepo anyamata a lole ankangolilambalala. Sabata imeneyi anamufunsanso, iye n'kuti, "Ndichotsa ndekha." Mlamu wake Denny anafika mpaka kunyumba kudzamukumbutsa, nayankhidwa kuti, "Mawa." Madzulo aliwonse Wilf ankakhala pa benchipo mpaka kutada, ndipo sankaona kuti likachoka azikakhala pati.

Anakankha wilibala kutsika msewu. Mashopu a tindowa ta ana ndi maswiti anali atakhomedwa matabwa kalekale. Yotsegula inali imodzi yokha, ya nsomba ndi chipisi ya Mayi Gooch, khomo lomaliza chipata chisanafike, pamalo otsika kuposa onse. Madzi akadutsa pachipata, oyamba kulandira moni ndi iwo. Anali panja akusanja matumba a mchenga pakhomo. Atamuona Wilf anawongola msana, nayang'ana wilibalayo, nayang'ana kumwamba.

Denny Thurtle, mlongo wake wa Hazel, ndiye wotseka chipata. Anaima pamenepo mu jekete yachikasu ya khonsolo, dzanja limodzi lili pa chitseko chachitsulo cha chipatacho, lina likugwira chipewa.

"Si awo alamu anga," anatero Denny. "Mawa lija lafika? Ine ndimati mukudikira nkhanu zidzakuthandizeni kumasula."

"Moni," anatero Wilf.

"Moni wachiyani? Tayang'anani uko."

Wilf anayang'ana. Gombe kunalibenso. Mchenga wonse umene ana amaumbapo tinyumba unali utamizidwa, ndipo mafunde odera ngati tiyi wamkaka ankamenya kale m'mphepete mwa kanjira ka simenti. Mlatho wamatabwa wolowa m'nyanja unkangooneka mwa apo ndi apo.

"Bwenzi nditatseka kale ine," anatero Denny. "A ku ofesi andiimbira, ndawanamiza kuti ndikuchotsa miyala pansi pa chitseko. Madzi akangokwera pa simentipo ndikutseka, kaya muli m'kati kaya muli kunja. Mukundimva, alamu?"

"Ndamva."

"Komanso muli ndi mlendo. Ine wandikanika."

Pa benchi la Hazel panakhala mayi wina wojintcha, wovala jekete yofiira, chipisi chili m'pepala pamiyendo. Ankadya ndi dzanja limodzi, lina akuphimba chakudyacho kuopa mchenga. Wilf anaimika wilibala pambali pake nagwada pansi, bondo limodzi kenako linalo.

"Pepani, mayi."

"Inunso mwabwera kudzandithamangitsa?" anatero mayiyo. "Ndachokera ku Leicester ine, bambo. Boti lokaonera akatumbu a m'nyanja akuti silipita. Mlatho atseka. Kunyumba ya zinthu zakale alemba pakhomo kuti tibwere chaka chamawa. Ndagula chingwe chogwirira nkhanu, nkhanu zake nazonso zili patchuthi. Chatsala n'chiyani m'tauni mwanu muno? Mafunde basi. Ndiye ndiwaonerera mafundewo, ndi aulere."

"Khalani," anatero Wilf. "Ingokwezani mapazi."

Anakweza. Wilf analowetsa sipanala m'kabowo ka mwendo wakumbuyo, nakoka. Nati inalira kamodzi n'kugonja. Anaimasula ndi zala naiika m'thumba.

"Ndinu a khonsolo?"

"Ayi."

"Ndiye mukuba benchi dzuwa lili pamutu?"

Wilf anakwawira ku mwendo wachiwiri. Mayiyo, poona kuti sakuyankhidwa, anatembenuka kuti aone chimene chinkamubaya pamsana nthawi yonseyi. Anawerenga kachitsulo kaja milomo ikugwedera. Panalembedwa dzina la Hazel ndi mawu atatu: Ankakonda kukhala pano. Anayang'ana nkhalamba yogwadayo, napinda pepala lake la chipisi, naimirira.

"Anali akazi anu."

"Ee."

"Ine ndine Corinne. Ndigwire pati?"

"Pitani m'kati."

"Ndine namwino ine, bambo. Ndimatembenuza azibambo olemera kuposa benchi ili ndisanamwe n'komwe tiyi."

Asanamalize, funde linamenya m'mphepete mwa simenti n'kuima chilili ngati chipupa, kenako linagwa. Madzi anasefukira pakanjira ponse, anadutsa pansi pa benchi, nanyowetsa mawondo a Wilf mpaka m'ntchafu. Anali ozizira ngati mpeni. Anafika pachipata, nanyambita nsapato za Denny, n'kubwerera akukoka nsangalabwi.

"Mayi, inu ndiye lowani," anakuwa Denny. "Awa ndi a pabanja, ndikawataya tikambirana kunyumba. Koma mlendo akakokoloka, mafunso onse adzagwera ine."

Corinne anayang'ana Wilf. Wilf anamulozera chipata ndi sipanala. Anapita, koma sanapitirire. Anaima m'kati mwenimweni mwa khoma, kumbuyo kwa Denny, akusuzumira.

Nati yachiwiri inavuta pang'ono. Wilf anaidonthezera oyilo, naigogoda ndi tchizulo, n'kumasuka. Yachitatu inali ya kutsogolo, kumene mchere umafikira poyamba, ndipo anachita kuponda sipanala ndi phazi atagwira mkono wa benchi. Inatembenuka monyinyirika. Nthawi yonseyi makutu ake anali kunyanja. Mafunde ankabwera ang'onoang'ono angapo, kenako kunkakhala kachete, nsangalabwi zikukokedwa mmbuyo ndi phokoso ngati la lole yotsitsa miyala, ndipo pambuyo pa kacheteko m'pamene pankabwera lalikulu. Akamva kacheteko ankasiya sipanala n'kukumbatira mwendo wa benchi.

"Yatsala imodzi," anatero Corinne ali kuchipata. "Atha awa."

"Linda madzi apite, mayi, ndiye uziti ndadala," anatero Denny. "Simukuwadziwa alamu anga. Chinthu akamanga awa amamangira mpaka tsiku lachiweruzo."

Nati yachinayi inali ku mwendo wakutsogolo wakumanzere. Wilf analowetsa chala m'kabowo n'kumva kuti yatupa. Dzimbiri linali litaigwirizanitsa ndi bawuti, zasanduka chinthu chimodzi. Anathira oyilo. Funde linabwera n'kutsuka oyiloyo. Anathiranso, naika sipanala, nakoka ndi manja onse awiri mpaka m'maso munachita mdima. Palibe chinasuntha. Anaika tchizulo pakona ya nati namenya ndi hamala, koma kabowo kanali kakang'ono, anakasema yekha kuti dzanja la wakuba lisalowe bwino, ndipo hamala inkangotsetsereka. Anabwerera ku sipanala, naiponda ndi phazi. Inapulumuka. Makona a nati anali atadyeka. Wilf anagwa chammbali, dzanja lake n'kukhula pa simenti, khungu la pa mfundo za zala n'kusendeka.

Madzi tsopano sankabwereranso onse. Pakanjira panatsala madzi ofika m'kakolo, ndipo funde lililonse linkakankhira ena kudutsa pachipata kulowa mumsewu.

"Denny," anaitana Mayi Gooch. Anali atafika pafupi, manja ali m'chiuno, epuloni ikuuluzika. "Madzi afika pa matumba anga."

"Ndawaona, amayi."

"Wawaona. Ndiye ukudikira kuti alowe adzaitanitse nsomba?"

"Pang'ono pokha."

"Chaka chija madzi analowa, makina anga okazingira anapsa onse. Unalipo iwe. Unandithandiza kuwatulutsa." Anakweza mawu kuti adutse mphepo. "A Wilf, Hazel anali mnzanga, mukudziwa. Koma ine ndili moyo, ndipo ndimadya za m'shopu umu."

Wilf anamva. Anasankha sipanala yocheperako, naikhomera pa nati ndi hamala kuti igwire zolimba.

Denny anathamangira ku galimoto yake, imene inaima chapamtunda, nabwerako ndi sowo. Anatuluka nayo pachipata akuponda m'madzi, naima pamwamba pa Wilf.

"Dulani mwendowo, alamu."

"Ayi."

"Pamwamba pa nati pomwepo. Mudzalumikiza kunyumba, ndinu mmisiri."

"Ayi."

"Ndi thabwa ili."

Wilf sanakweze mutu. Mwendo umenewo sunali mwendo chabe. Unali mtengo umodzi wokwera kuchokera pansi mpaka kukanyamula mkono wa benchi, wopindika mwachibadwa, ndipo anausankha pakati pa mulu wonse. Kumene ankakhoma maboti kuja tsopano kunali nyumba zogona alendo. Thundu wotero sakanamupezanso, ndipo cholumikiza ndi cholumikiza, diso lake likanachiona tsiku lililonse. Anakoka sipanala. Anamva ngati yasuntha, koma inali sipanalayo ikudya chitsulo.

Denny anaponya sowo pa benchi nabwerera kuchipata.

Kenako kunabwera kachete kotalika kuposa konse. Madzi a pakanjira anathawa onse nthawi imodzi, nsangalabwi zikulira. Wilf anasiya sipanala, nakoleka mkono wake pa mwendo wa benchi, naweramitsa mutu.

Fundelo silinamenye m'mphepete n'kuima ngati enawo. Linangokwera n'kupitirira. Linamukwirira yense, linamunyamula miyendo n'kumutembenuza, mchere uli m'mphuno ndi m'makutu, miyala ikumugenda kumsana. Benchi linadzuka kumbali zitatu zomasulazo, nazungulira pa bawuti imodzi ija ngati chitseko, n'kumukoka nalo. Anamva mtengo ukulira m'kati. Madzi atabwerera anapezeka atagona chafufumimba, mkono ukadali pa mwendo. Wilibala inali itapita. Anaiona patali ikugubuduzika, gudumu lili m'mwamba, kenako sanaionenso. Hamala, tchizulo, chingwe, zonse zinapita nayo. Inatsala sipanala yokanirira pa nati, ndi sowo imene inakodwa pakati pa matabwa okhalapo.

Kuchipata madzi ankathamanga kutsika msewu ngati mtsinje. Mayi Gooch anali atathamangira pakhomo pawo, akupondereza matumba ndi mapazi.

"Alamu, basi," anatero Denny. "Tiyeni."

Wilf anadzuka nagwadanso, nagwira sipanala.

Denny anamuyang'ana kanthawi. Kenako anachotsa chokolera chitseko, nayamba kuchikankha. Chitsekocho ndi cholemera, chimafuna phewa. Chinayenda pang'onopang'ono chikukukuta mchenga, mpaka panatsala mpata wodutsa munthu mmodzi. Wilf anamva kulira kwake ndipo sanatembenuke. Anaganiza kuti zili bwino choncho. Masitepe okwerera pakhoma anali kutali, kumapeto kwa kanjira, koma analiko. Akaona pambuyo.

Ndiye anamva Denny akulankhula ndi Corinne.

"Mwati mumanyamula azibambo? Ikani phewa apa. Chikagunda, mugwetse chitsulo ichi mu mphako iyo, kenako ichi. Musatsegulire munthu, ngakhale alire bwanji."

"Nanga inu mukupita kuti?"

"Kukacheza ndi alamu anga."

Denny anadzipanikiza pampatapo natulukira kunja. Anayenda m'madzi ofika m'mawondo, akupumira m'mwamba, poti ndi munthu wa chifuwa ndipo mankhwala ake opopera amayenda nawo m'thumba. Anafika pa benchi, nalikankha kulibwezera m'malo mwake, nachotsa sowo, nakhala pansi. Anapinda manja pachifuwa, sowo ili pamiyendo, nayang'ana kunyanja.

"Choka," anatero Wilf.

"Ndichoke ndipite kuti? Mayi aja akutseka."

"Denny."

"Ukudziwa, Wilf, benchi la mlongo wanga ili, koma sindinakhalepo n'kamodzi komwe. Ndikamadutsa madzulo ndimapeza iwe uli pakatikati, nkhope ngati chitseko cha ndende, ndiye ndimangopitirira. Lero ndapeza malo." Anasisita mkono wa benchi. "Unalipala bwino, sindinama. Pitiriza ntchito yako, usandione ine."

"Sutha kusambira."

"Nanga iwe ukuyesa lero kuli kusambira?"

Funde lina linabwera, locheperapo, nawamenya onse awiri. Denny anagwira mkono wa benchi ndi manja awiri, chipewa chake n'kupita. Madzi atatsika anayamba kutsokomola, kutsokomola kouma kosafuna kutha, mutu wake wadazi uli mbee. Anapisa m'thumba kufuna mankhwala aja, nawatulutsa akuchucha madzi, nawayang'ana, nawabwezera.

Wilf anayang'ana kuchipata. Mpata uja unalipobe. Corinne sanatseke. Anaima atatsamira chitseko ndi phewa kuti madzi asachikankhe, nkhope yake ili pampatapo, ndipo madzi ankadutsa m'miyendo yake kupita kwa Mayi Gooch. Anayang'ananso nati ija. Anayang'ana mlamu wake, amene milomo yake inali itayamba kuda.

"Bweretsa," anatero.

Denny anamupatsa sowo.

"Dzuka. Gwira uko."

Anaika mano a sowo chala chimodzi pamwamba pa kabowo. Ngakhale pamenepo anayamba wayeza ndi diso kuti mzere ukhale woongoka. Anakoka kawiri pang'onopang'ono kuti sowo ipeze njira, kenako anayamba kucheka. Thundu wonyowa amaluma sowo. Utuchi unkatuluka ngati phala n'kutengedwa ndi madzi, ndipo magazi a pa zala zake ankatsikira pa chigwiriro. Atafika pakati sowo inakanirira.

"Kweza pang'ono," anatero.

Denny anakweza benchi, mpata wa chochekacho unatseguka, sowo inayendanso. Kunyanja nsangalabwi zinayamba kulira, madzi a pakanjira akuthawa.

"Likubwera, Wilf."

"Ndamva."

"Lalikulu."

Wilf anacheka osayang'ana. Panatsala kachigawo kochepa ngati chala. Akanakonda kukamaliza bwino, koma anaponya sowo, naimirira, namenya mwendowo ndi chidendene. Unathyoka ndi kulira kouma, n'kusiya kachitsa pa simenti, sipanala ikadali pomwepo.

Ananyamula, Denny kutsogolo, Wilf kumbuyo. Benchi la thundu si la nkhalamba ziwiri. Anayenda chokoka, miyendo yake ikukhula pansi, ndipo atafika pachipata linakana kulowa, mpata unali wochepa.

"Ligonekeni chammbali," anatero Corinne. "Msana pansi. Inu a chifuwa, lowani kaye, musandifere pano ndili patchuthi."

Anamukokera Denny m'kati ndi kolala, natulutsa manja ake pampata, nagwira mkono wa benchi, nakoka. Wilf anakankha. Linalowa theka. Pamenepo funde linafika. Linamenya Wilf kumsana n'kumukankhira pa benchi, benchi n'kupitirira lonse ngati chivindikiro cha botolo, onse atatu n'kugwera mumsewu pamodzi ndi madzi. Chitseko chinatseguka n'kukamenya khoma.

Wilf ndiye anayamba kudzuka. Anagwira chitseko, Corinne anabwera pambali pake, Denny nayenso, ndipo anakankha pamene madzi ankabwerera. Chinayenda, chinayenda, n'kuima patatsala mpata wolowa mkono.

"Miyala," anatero Denny mopanda mpweya. "Pansipo."

Wilf anagwada, nalowetsa manja m'madzi, nayamba kukumba nsangalabwi zimene funde linaunjika pamzere wa chitseko. Sankaziona, ankangozimva. Zala zinali zitafa ndi kuzizira. Ankakumba n'kuponya kumbuyo, kukumba n'kuponya. Funde lina linamenya chitseko, madzi n'kuthovoka pampata kumumenya kumaso. Anapeza mwala umodzi waukulu wokanirira pakona, naugwedeza uku ndi uku mpaka unazuka.

"Kankhani."

Chitseko chinagunda. Denny anagwetsa chitsulo choyamba, Corinne chachiwiri. Funde lotsatira linamenya kunja ndi mdidi umene anaumva m'mapazi, ndipo pamwamba pa khoma panangodutsa thovu.

Denny anakhala pansi m'madzi momwemo, msana uli pachitseko, akupuma ngati mvukuto. Corinne anagwada pambali pake, namumasula kolala, napukuta mankhwala aja ndi mpango wake, nayesa kupopera m'mwamba. Anagwira ntchito. Anamuika pakamwa.

"Pumani pang'onopang'ono. Musalankhule."

"Ndani angalankhule," anatero Denny, "alamu anga atamaliza kale mawu onse a chaka chino."

"Ndati musalankhule."

Wilf anakokera benchi pambali pa khoma naliimika. Linapendekera kutsogolo kumanzere. Anagwada nayang'ana pamene anadula. Mzere wa sowo unali woongoka, koma pomwe anamenya ndi chidendene mtengo unang'ambika kukwera m'mwamba, kachibanthu kotalika ngati dzanja n'kuchoka. Anapasisita ndi chala. Anatenga thumba la mchenga limodzi pa mulu umene Denny anaunjika pachipata naliika pansi pa mwendowo, benchi n'kuima bwino.

"Bambo, dzanja lanulo ndilione," anatero Corinne.

"Lili bwino."

"Silili bwino, likutuluka magazi."

"Muoneni uyo."

Anatembenuka kuyang'ana kumsewu. Madzi amene analowa anali atasonkhana onse pamalo otsika paja, dziwe lofika m'mawondo, mukuyandama udzu wa m'nyanja ndi mafoloko amatabwa odyera chipisi. Matumba a mchenga a Mayi Gooch anali pansi pa madzi. Magetsi a m'shopu anali atazima. Eni ake anaima pakhomo, madzi ali m'akakolo m'kati mwa shopu yawo, atanyamula thireyi ya nsomba zosakazinga m'manja, akusowa poiika.

Wilf anayenda mpaka pakhomopo. Anavula chipewa chake, chimene mwa mwayi chinali chikadali kumutu, nachifinya.

"Mwalipulumutsa?" anafunsa Mayi Gooch.

"Ee."

"Lonse?"

"Mwendo umodzi ndadula."

Mayi Gooch anayang'ana benchi lija kuchipata, nayang'ana pansi pa shopu yawo. Kumbuyo kwawo makina okazingira anali chete, madzi akuwanyambita kunsi, ndipo mafuta ankayandama pamwamba pa madziwo.

"Sindinayatse kuti ndione ngati apsa," anatero. "Ndikuopa. Loweruka kukubwera basi ya alendo odzaona mbalame, ndinawalonjeza chakudya." Anaika thireyi pa kauntala. "Sabata yonse, a Wilf. Munali ndi sabata yonse."

"Ndinali nayo."

"Ndiye mungonena zomwezo basi?"

Wilf anayang'ana pakhomo. Ngalande ya mumsewu inali itatsekeka ndi udzu wa m'nyanja, n'chifukwa chake dziwelo silinkatsika. Anapinda malaya, nalowetsa mkono mpaka m'phewa, nazula udzuwo manja awiri, nauponya pamtunda. Madzi anayamba kuzungulira n'kumalowa pansi akulira. Anachotsa matumba awiri pakhomo kuti a m'shopu apeze potulukira.

"Tsache lili kuti?" anafunsa.

Mayi Gooch anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza kuseri kwa firiji.

Wilf anatenga tsachelo, napita kukona ya kumapeto kwa shopu, nayamba kukankhira madzi kukhomo.